Kuphunzitsa Mwana wa Otizimu Kukhala Tcheru Pakhomo

Mwana amaphunzira kulankhula, kudya yekha, kuvala ndi kusewera ndi anzake poonera anthu amene amakhala nawo. Zonsezi zimayambira pa luso limodzi, lomwe ndi kuika maso, makutu ndi maganizo pa munthu kapena pa chinthu kwa kanthawi. Ana ambiri luso limeneli amangolitola okha. Pokwanitsa chaka amakhala atayamba kale kucheuka akaitanidwa, ndipo mayi akaloza nkhuku pabwalo nawo amayang'ana komweko. Pofika chaka ndi theka amaloza okha ndege kumwamba, n'kutembenukira kwa mayi awo kuti aone ngati nawonso aiona.

Kwa mwana wa otizimu zimenezi nthawi zambiri sizibwera zokha. Amatha kuitanidwa kasanu osacheuka, koma pepala la bisiketi likangolira kuchipinda n'kuthamangirako. Amatha kukhala ola lathunthu akuzunguliza tayala la galimoto ya mawaya, pamene pa mbale ya phala sakhalapo n'komwe mphindi ziwiri. Chidwi ali nacho, kungoti chimakakamira pa zinthu zochepa ndipo chimavuta kusamukira kwa anthu. Kusamuka kumeneku kumaphunzitsika, ndipo ana amene adziwa kuonera chinthu limodzi ndi munthu wina kawirikawiri amafulumirako pa kulankhula.

Zoyenera kudziwa poyamba

Otizimu ndi kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo, ndipo zizindikiro zake zimaonekera mwana akadali wamng'ono. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, ku America, ndi amene analemba za vutoli mu 1943 ataona ana 11. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse ali nalo, ndipo limapezeka kwambiri mwa anyamata kusiyana ndi atsikana. Siliyamba chifukwa cha ufiti, kukhwima kwa makolo, katemera, kapena kulera mwana molekerera. Zamtundu wa makolo zili ndi gawo lalikulu.

Maphunziro asanayambe, mwana apite kaye kuchipatala pa zifukwa ziwiri:

- Makutu apimidwe. Mafinya otuluka m'khutu kawirikawiri, malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi zimatha kuwononga kumva kapena kusiya mwana ali wosakhazikika, ndipo chithandizo chake n'china.
- Matenda a khunyu afufuzidwe, chifukwa amapezeka kwambiri mwa ana a otizimu. Khunyu wina sagwetsa pansi. Mwana amangoti duu, maso pamodzi, osamva ngakhale amugwedeze, kenako n'kupitiriza zimene amachita. Ameneyu akufunika mankhwala, osati kumuphunzitsa kucheuka kokha.

Mmene njira yophunzitsira imagwirira ntchito

Mfundo yake ndi yosavuta: chimene mwana wachita n'kupeza nacho chokoma, amachibwereza. Phunziro lililonse lili ndi mbali zitatu. Mlezi amayambitsa, monga kutchula dzina. Mwana amachitapo kanthu, monga kucheuka. Nthawi yomweyo pamabwera mphotho, yomwe ndi chinthu chimene mwanayo amakonda. Zikachitika kambirimbiri, mwana amagwira mfundo yoti kutembenukira kwa munthu kuli ndi phindu.

Akatswiri amaitcha njira imeneyi ABA. Inatchuka ndi kafukufuku wa Ivar Lovaas wa ku Los Angeles mu 1987, mmene ana ankaphunzitsidwa maola 40 pa sabata, ndipo nthawi zina ankakalipiridwa ngakhale kumenyedwa pantchafu. Zilango zoterozo zinatsutsidwa ndipo zilibe malo pakhomo. Njira zamakono zimalowetsa phunziro m'masewera ndi m'ntchito za tsiku ndi tsiku, motsata zimene mwana wayamba yekha. Maphunziro a olera ana amene WHO inakonzera mabanja a ana a zaka 2 mpaka 9 amatsata maganizo omwewa, ndipo amadalira makolo, osati zipangizo zodula.

M'kabuku kano mawu oti mlezi akuimira aliyense wosamala mwanayo: mayi, bambo, agogo, azakhali kapena mkulu wake.

Kupeza chimene mwana amakonda

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo mabanja ambiri amadumphapo. Mphotho si chimene akuluakulu akuganiza kuti ana amakonda, koma chimene mwana ameneyu amalimbikira kuti apeze. Wina amafera nthochi. Wina chakudya alibe nacho ntchito koma thovu la sopo likauluzidwa amasiya zonse. Wina amafuna kugirigishidwa, kuponyedwa m'mwamba, kuthiridwa madzi m'manja, kapena kungogwira kachingwe kake.

Mlezi aike zinthu ziwiri kapena zitatu pamphasa n'kuona chimene mwana ayambe kutola ndi chimene akhalitse nacho. Achite zimenezi masiku angapo, chifukwa zokonda zimasintha, ndipo mwana wokhuta nthochi sagwiranso ntchito kuti apeze nthochi. Zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zapambana zisungidwe pamalo amene mwana safikira, zizituluka pa nthawi yophunzira. Chakudya cha tsiku ndi tsiku, madzi akumwa ndi kunyamulidwa akamalira siziyenera kusanduka mphotho. Zimenezo mwana amalandira kaya wakhoza kaya ayi.

Ngati mphotho ndi chakudya, chidulidwe tizidutswa ting'onoting'ono kuti chithe msanga. Mtedza, chimanga chokazinga ndi maswiti olimba zingatsamwitse mwana wamng'ono.

Malo ndi nthawi

Masiku oyamba pasankhidwe malo a phee, wailesi itazimitsidwa, foni itaikidwa kutali, ana ena atapita kosewera. Mphindi 5 mpaka 10 n'zokwanira, katatu kapena kanayi pa tsiku. Mwana wanjala, watulo kapena wodwala asiyidwe kaye. Nthawi yosamba, yovala ndi yakudya ndi yabwino kwambiri chifukwa imabwera tsiku lililonse popanda kuikonzera padera.

Gawo loyamba: kucheuka akaitanidwa

1. Mlezi akhale pansi kutsogolo kwa mwana, pafupi moti angamukhudze, nkhope yake ili pamsinkhu wa nkhope ya mwanayo.
2. Asankhe nthawi imene mwana sanamire kwambiri m'zochita zake.
3. Atchule dzina kamodzi kokha, momveka bwino, popanda mawu ena.
4. Adikire, akuwerenga chamumtima mpaka kasanu.
5. Mwana akatembenuka, ngakhale pang'ono chabe, alandire mphotho pomwepo, pasanathe masekondi awiri kapena atatu, pamodzi ndi mawu achidule monga "Eya, wacheuka!"
6. Akapanda kutembenuka, mlezi asabwereze dzina. Atenge chinthu chokondedwa chija, achionetse pamaso pa mwana, n'kuchikokera pang'onopang'ono pafupi ndi tsaya lake. Mwana akachitsatira ndi maso mpaka kufika pankhope, apatsidwe.
7. Mwana asangalale nacho kanthawi, kenako ayeserenso.

Mwana akamatembenuka maulendo 8 mwa 10 kwa masiku atatu otsatizana, mlezi asunthe. Aitanire cham'mbali, kenako kumbuyo, kenako pakhomo la nyumba mwana ali pakhonde.

Dzina lenilenilo limafunika kulisamala. Mwana amene tsiku lonse amangomva "Chisomo, siya! Chisomo, tsika! Chisomo, bweretsa kuno!" amaphunzira kuti dzina lake likamveka ndiye kuti alandidwa kanthu, ndipo kusacheuka kumakhala nzeru ndithu. M'masabata oyamba banja lonse ligwirizane kuti dzinalo lizitchulidwa makamaka pamene pakubwera chabwino. Poletsa, munthu apite pafupi n'kumuchotsa mwakachetechete.

Nkhani ya maso nayo imasokoneza anthu. Cholinga si kuti mwana ayang'anitsitse munthu m'maso. Akuluakulu ambiri a otizimu amanena kuti kuyang'ana m'maso kumawasowetsa mtendere, ndipo amamva bwino zolankhulidwa akamayang'ana kumbali. Ngakhale pamwambo wathu, mwana waulemu amazolika pamaso pa akulu ndipo palibe amene amati sakumvetsera. Kutembenuza mutu, kuyang'ana pakamwa kapena pachipumi, ngakhale kungoponya diso kamodzi, zonsezi ziwerengedwe kuti wakhoza. Kugwira mwana chibwano n'kumupotolozera nkhope kumangomuphunzitsa kuthawa.

Gawo lachiwiri: kukhazikika pa chinthu chimodzi

Mlezi ayambe waona kuti mwana amakhala nthawi yaitali bwanji pa masewera amene akuchita ndi munthu wina. Ngati ndi masekondi 20, phunziro liyambire pomwepo, osati pa mphindi khumi zimene banja likulakalaka.

Njira yofulumira yolowera ndiyo kutsanzira mwanayo. Ngati akugogoda chitini ndi supuni, mlezi atenge chitini chake nayenso agogode. Mwana akasiya, nayenso asiye. Ana ambiri pamenepa amadabwa n'kuyang'ana kuti kodi ameneyu akutani, ndipo masewera a anthu awiri ayambika popanda lamulo lililonse.

Kenako pabwere ntchito zimene mapeto ake amaoneka ndi maso:

- kuponya zitsekerero za mabotolo m'chitini mpaka zonse zithe
- kusanja makapu kapena zitononkho
- kuika mbatata m'beseni imodziimodzi
- kupereka mapegisi pamene mayi akuyanika zovala

Poyamba zitsekerero zikhale zitatu zokha. Mlezi anene mwachidule kuti, "Choyamba ponya, kenako thovu," akuonetsa zonse ziwiri. Chachitatu chikangolowa m'chitini, thovu liuluzidwe. Patapita masiku angapo zikhale zinayi, kenako zisanu ndi chimodzi. Mwana akadzuka ntchito isanathe, abwezedwe mofatsa, athandizidwe kuponya chimodzi chokha, alandire mphotho, basi. Tsiku lotsatira ntchito ichepetsedwe, chifukwa kudzukako kukusonyeza kuti inakula msanga. Ndi bwino kutsiriza mwana akadali wosangalala kusiyana n'kudikira kuti alire. Ndipo si lamulo kuti akhale pansi. Mwana amene amaponya bwino ataimirira aziponya ataimirira.

Gawo lachitatu: kutsatira chala cholozera

Ana ena a otizimu munthu akaloza amayang'ana chala osati chinthu cholozedwacho. Mtunda wa pakati pa chala ndi chinthu ndi umene uyenera kukula pang'onopang'ono.

1. Mlezi aike chinthu chokondedwa pafupi ndi mwana, achikhudze ndi chala n'kunena kuti, "Ona!" Mwana akayang'ana, achitenge asewere nacho.
2. Masiku otsatira chala chisakhudze chinthucho, chitalikire ngati kutambalala kwa chikhatho.
3. Avindikire chinthucho ndi kapu imodzi mwa makapu awiri, n'kuloza kapu yoyenera. Apa mwana amaona yekha kuti kutsatira chala kumamupezetsa chobisika.
4. Aloze zinthu zili pakhoma, kenako kutsidya kwa bwalo, kenako kumbuyo kwa mwana kuti achite kutembenuka.
5. Pomaliza mlezi angotembenuza mutu ndi maso, osaloza.

Panja pali zolozera zambiri zaulere: mbuzi ikudutsa, njinga ya kabaza, mvula ikudontha padenga. Cholozedwa chitchulidwe ndi mawu amodzi kapena awiri, "Ona, mbuzi!", chifukwa mawu amakhazikika bwino m'mutu pamene onse awiri akuyang'ana chinthu chimodzi.

Gawo lachinayi: mwana ayambitse yekha

Gawo limeneli ndi lovuta kuposa onse ndipo limatenga nthawi. Pali kusiyana pakati pa mwana wokoka dzanja la mayi kupita pamene pali shuga, ndi mwana wonyamula chiwala n'kubwera nacho kuti mayi achione. Woyambayo akupempha. Wachiwiriyo akugawana chimene chamusangalatsa, ndipo izi ndi zimene zimasowa kwambiri mwa ana a otizimu.

Kupempha ndiko kumayamba. Mlezi aike chinthu chokondedwa m'botolo loonekera mkati, lotsekedwa zolimba, n'kumupatsa mwana. Akalephera kutsegula n'kulibweza kapena kuyang'ana kwa mlezi, litsegulidwe msanga. Masewera obwerezabwereza amathandizanso: mlezi agirigishe mwana kawiri katatu, kenako aime manja ali m'mwamba, akumwetulira, osalankhula. Kudikira kumeneku kumaoneka kotalika, ndipo akuluakulu ambiri amalephera kupirira n'kuyambiranso okha. Koma mpata umenewo ndi umene mwana amaponyeramo diso, kutulutsa mawu kapena kukoka dzanja, ndipo akatero masewera apitirire pomwepo.

Kugawana kumabwera pakachitika chodabwitsa. Mlezi avale beseni kumutu ngati chipewa, kapena aike supuni m'nsapato ya mwana, n'kudikira. Mwana akayang'ana chinthucho kenako n'kuyang'ana mlezi, mleziyo aseke naye n'kunenapo kanthu: "Ii, supuni m'nsapato!" Mwana akabweretsa chinthu chilichonse, ngakhale mwala, mlezi achiyang'ane mwachidwi, achitchule, n'kumubwezera. Akamulanda, sabweretsanso. Pa gawo limeneli chakudya chisakhale mphotho, chifukwa mwana angaphunzire kuloza kuti alandire nthochi osati kuti aonere limodzi ndi mnzake. Mphotho yake ikhale kuseka ndi kusewera komweko.

Kuchepetsa chithandizo ndi mphotho

Chithandizo chilichonse chiyenera kutha, ngati mmene mayi amasiyira pang'onopang'ono dzanja la mwana wophunzira kuyenda. Ngati mlezi ankakokera chidole kutsaya lake, ayambe kungokweza dzanja lopanda kanthu, kenako asiye n'kukweza komwe. Pamene mwana wachita yekha alandire mphotho yokulirapo kusiyana ndi pamene wathandizidwa.

Mphotho nayo isinthe. Luso likadali latsopano iperekedwe ulendo uliwonse. Likakhazikika iperekedwe mwa apo ndi apo, pamene kuyamika ndi kumwetulira zikupitirira nthawi zonse.

Mwana wa otizimu amatha kudziwa chinthu kwa munthu mmodzi ndi pamalo amodzi pokha. Amene amacheuka kwa mayi pamphasa sangacheuke kwa agogo kumunda ngati sanayeserere kumeneko. Choncho luso likangogwira, abambo, agogo ndi ana ena ayesere nawo, kukhitchini, kuchitsime, kutchalitchi kapena kumzikiti, ndiponso kusukulu yamkombaphala. Onse agwiritse ntchito mawu ofanana.

Mwana akamalira kapena kukana

Kulira kuli ndi chifukwa. Mwina ntchito yakula, mphotho yamukola, phokoso lamuchulukira, kapena dzino likumuwawa. Mlezi atonthoze mwanayo kaye, osapitiriza phunziro ndi mwana wolusa. Akakhala pansi mtima, apemphedwe kanthu kosavuta kamene amakhoza kale, ayamikidwe, n'kumasulidwa. Ndi bwinonso kumuphunzitsa njira yonenera kuti watopa, monga mawu oti "basi" kapena kukankha chitini mofatsa, ndipo akatero amveredwe. Mwana amene ali ndi njira yokanira safunikira kudziluma kapena kumenyetsa mutu pansi kuti amveke.

Kukupiza manja, kudzigwedeza ndi kung'ung'udza zimathandiza ana ambiri kukhazika mtima pansi, ndipo ena amamvetsera bwino akamatero. Ngati sizikuvulaza aliyense, zisiyidwe.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

- Kubwereza dzina kapena lamulo kambirimbiri mpaka mawuwo kusanduka phokoso wamba.
- Kuchedwa ndi mphotho. Ikabwera mwana atayamba kale zina, amaganiza kuti walandirira zinazo.
- Kulankhula ziganizo zitalizitali kwa mwana amene sanayambe n'komwe mawu amodzi.
- Kufunsa mafunso okhaokha, "Ichi n'chiyani? Nanga ichi?", m'malo motchula zimene mwana akuyang'ana.
- Kumusiyira foni maola ambiri poganiza kuti popeza wakhala chete ndiye kuti akuphunzira kukhazikika. Foni siiphunzitsa kutembenukira kwa munthu.
- Kumuyerekeza ndi ana a oyandikana nawo. Ayerekezedwe ndi mmene iye mwini analili mwezi wathawu.

Machenjezo

Kumenya, kutsina, kumanga ndi chingwe, kutsekera m'nyumba kapena kumumana chakudya sikuphunzitsa mwana kukhala tcheru, kumangomuonjezera mantha. Palibe mankhwala, achikuda kapena achizungu, ochiza otizimu, ndipo ena ogulitsidwa pa intaneti ndi poizoni weniweni. Mwana amene sacheuka akaitanidwa ali pangozi pafupi ndi msewu, moto, chitsime ndi mtsinje, choncho zitsime zivindikiridwe ndipo oyandikana nawo adziwitsidwe kuti akamuona ali yekha amubweze kunyumba.

Kulemba zimene zikuchitika

Kusintha kumabwera pang'onopang'ono moti munthu wokhala ndi mwana tsiku lililonse sakuona. Kope la sukulu n'lokwanira: tsiku, chimene chayesedwa, chizindikiro cha kukhoza pamene mwana wachita yekha, ndi kamzere pamene wathandizidwa. Pakatha masabata awiri kapena atatu popanda kusintha, mlezi asinthe chinthu chimodzi, kaya mphotho, kaya nthawi, kaya kukula kwa ntchito, n'kuonanso. Ana amasiyana kwambiri. Ena amacheuka m'masabata ochepa, ena patapita miyezi, ndipo ena amene salankhula n'komwe amaphunzira kugawana zinthu ndi manja kapena ndi zithunzi.

Kope lomwelo litengedwe popita kusikelo kapena kukaonana ndi dokotala. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera angathandize banja kupeza kalata yopitira kuchipatala cha boma kapena kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Aphunzitsi a maphunziro apadera, amene ambiri mwa iwo amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, amapezeka kudzera ku ofesi ya maphunziro ya m'boma. Mwana akayamba kukomoka, kudzivulaza, kapena kutaya mawu ndi maluso amene anali nawo kale, apite naye kuchipatala msanga, osadikira tsiku la sikelo.